Mbuzi za Apongozi ndi Katemera wa Mafuta

Zaka zoyambirira za banja langa, ine ndi apongozi anga aakazi sitinkayang'anana kumaso. Sikuti panali chidani ayi. Kwawo kwa mkazi wanga, kumapiri a kuseri kwa Mvera, ulemu wa mkamwini ndi apongozi umayenda choncho, ndipo mayi amenewa ankausunga mwambowo ngakhale anakulira pasukulu ya mishoni. Tikakumana panjira ya kumjigo, iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kupatukira mbali inayo, tonse n'kunjuta, moni tikupatsana maso ali kumitengo. Akafuna kundiuza kanthu ankaitana mwana wawo. "Uwauze apongozi kuti madzi ali kubafa." Ine ndili pomwepo, ndamva zonse, koma ndinkadikira kuti mkazi wanga abwereze mawuwo, kenako n'kuthokoza kudzera mwa iye yemweyo.

Mkazi wanga ankaphunzitsa pasukulu ya pulaimale ya pafupi ndi mudziwo, choncho tinamanga kanyumba kathu kumunsi kwa nyumba ya amayi ake. Apongozi aamuna anamwalira ndisanabwere pamudzipo. Ine ndinkagwira ntchito ku Lilongwe, mu labotale yofufuza matenda a ziweto, ndipo ndinkabwera kumudzi Lachisanu madzulo n'kubwerera Lolemba m'mamawa. Pamudzipo ankanditchula kuti dokotala wa ziweto, koma kunena zoona ntchito yanga inali ya pampando. Ndinkaweta tizilombo ta mabakiteriya m'timbale tagalasi, n'kumationa pamakina okulitsa zinthu. Mbuzi yamoyo ndinkaigwira mwa apo ndi apo.

Nthawi imeneyo gulu lathu linali pa kafukufuku wa chibayo cha mbuzi. Amene anawetapo mbuzi kumapiri a Dowa ndi Ntchisi amachidziwa. Ikafika miyezi ya chisanu, mphepo ya mwera ikamaomba ndipo nkhungu ikamagona m'zigwa mpaka dzuwa kukwera, mbuzi zimayamba kutsokomola, mamina chuchuchu, zina n'kugona osadzukanso. Tinkayesa kupanga katemera pogwiritsa ntchito tizilombo tomweto titatipha kaye. Vuto la tizilombo takufa ndi lakuti ukatibaya tokha, thupi limangotichotsa msanga osaphunzirapo zambiri, ndipo chitetezo chake sichichedwa kutha. Ndiye pamafunika kusakaniza ndi chinthu china chothandizira, chomwe ife kuntchito timachitcha ajuvanti. Tinali ndi mitundu iwiri yoti tiyerekeze. Wina unali wa mafuta, woyera ngati mkaka koma wokhuthala. Winawo unali wopangidwa ndi mchere wa aluminiyamu, wamadzimadzi ngati phala la mwana. Pa mbuzi za kuntchito tinali titayesa kale. Chotsala chinali kuyesa pa mbuzi za kumudzi, zodya zomwe zapeza, zogona m'makola olowa mphepo.

Alangizi a ziweto a dera lathu anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Ndinafotokoza zonse: kuti tidzabaya mbuzi pakhosi, kuti tizidzatenga magazi pang'ono mwezi ndi mwezi, kuti pobayapo pakhoza kutupa, ndiponso kuti aliyense ali ndi ufulu wokana. Anthu anamvetsera bwinobwino, kenako anagwiritsa ntchito ufulu wawowo. Bambo wina anati anamva kuti jakisoni wotere amatseka mbuzi kuti isaberekenso. Mayi wina anafunsa kuti magaziwo tikupita nawo kuti. Ndinayankha mmene ndikanathera, koma ndinkaona kuti mawu anga akungogwera pansi.

Apongozi anali atakhala kumbuyo kwenikweni, pansi pa mtengo wa mthethe, atandifulatira pang'ono monga mwa nthawi zonse. Ndinangoona akukodola mwana wawo n'kumunong'oneza. Mkazi wanga anaimirira akudziletsa kuseka.

"Amayi akuti khola lawo likhale loyamba. Akuti munthu amene amasamba m'manja kawirikawiri ngati ameneyu sangaike zoipa m'thupi la chiweto."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunamasula zinthu. Mabanja angapo anavomera tsiku lomwelo, ena anati aona kaye za kwa amayiwo.

Tsiku lobaya tinafika m'mawa ndi bokosi lozizira lomwe munali timabotolo. Mnzanga wa kuntchito anatsogola ndi alangizi kumakola a kutsidya kwa dambo, ine n'kutsala ndi khola la apongozi, podalira kuti mkazi wanga andigwirira mbuzi. Koma iye anali ndi pakati pongoyamba kumene, ndipo atangofika pakhomo la khola, fungo la tonde linamubweza. Anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Tinatsala awiri, ine mkati mwa khola jakisoni ali m'manja, apongozi kunja atagwira chitseko.

Kenako anamanga chitenje mwamphamvu, analowa, n'kugwira msoti wamawanga umene ankaukonda kuposa mbuzi zonse. Anaupana ndi mawondo, dzanja limodzi kunsi kwa chibwano, nkhope yawo atatembenuzira kukhoma. Kuti ndifike pakhosi pa mbuziyo ndinayenera kugwada pafupi kwambiri, moti mutu wanga unatsala pang'ono kukhudza chigongono chawo.

Ndiye ndinamva akulankhula, osati kwa ine, koma kwa mbuzi.

"Iwe wamawanga, uwauze adokotala kuti asachite mantha. Sindiluma."

Kenako nanenso ndinayang'ana mbuziyo. "Wamawanga, uwauze amayi kuti akweze mutu wako pang'ono kuti mtsempha uoneke."

Mutu unakwezedwa. Tinagwira ntchito yonse choncho, mbuzi iliyonse yogwidwa n'kukhala mtumiki wathu. Poona timapulasitiki ta manambala tomwe ndinkaboola nato makutu, anauza tonde kuti afunse ngati ndolo zimenezi zili ndi tanthauzo. Ndinayankha kudzera mwa tonde yemweyo kuti zimatithandiza kudziwa kuti mbuzi iti yalandira katemera wa mafuta, iti wa phala lija, ndipo iti yalandira wopanda chothandizira chilichonse. Anafunsa ngati wamawanga walandira wabwino kwambiri. Ndinati wabwinoyo sitikumudziwa, n'chifukwa chake tikufufuza, ndiponso kuti tinachita kale maere kuntchito kuti pasakhale kukondera. Anauza mbuzi kuti maere ali ngakhale m'Baibulo, ndiye palibe mlandu. Wamawanga maere anamugwera a mafuta.

Katemera wa mafutayo anandivuta kubaya m'mawa umenewo. Chifukwa cha kuzizira anali atalimba, ndipo ndinkachita kukankha mwamphamvu ndi chala chachikulu. Apongozi, ngakhale nkhope inali kukhoma, anaziona.

Sabata yotsatira ndili kuntchito, ndikuthira madzi a magazi m'timabowo ta mbale yoyezera, foni yanga inalira. Nambala ya apongozi inali m'foni mwanga chifukwa mkazi wanga anaiikamo, koma inali isanandiimbirepo ndi kale lonse. Ndinaganiza za mimba ija. Ndinavula magolovesi n'kutuluka panja.

Kumbali inayo ndinamva nkhuku ndi mphepo. Kenako mawu anabwera, otsika koma olunjika.

"Apongozi, ndine. Mwana wanga ali bwino, ali kusukulu, sindinafune kumudzidzimutsa. Mbuzi zatupa."

Aka kanali koyamba kundilankhula popanda wodutsiramo. Ndinapempha chilolezo kuntchito, ndinakwera minibasi, n'kutsirizira ulendo pa njinga yamoto. Ndinapeza anthu ataunjikana pakhola. Mbuzi zomwe zinalandira katemera wa phala zinali ndi kachotupa kakang'ono kosaoneka bwino. Za mafuta zinali ndi zotupa zazikulu, zolimba, ndipo cha wamawanga chinali ngati dzira la nkhuku, chotentha ukachigwira. Mbuziyo inkadya, koma khosi inkatembenuza movutikira. Bambo uja wa ku msonkhano analipo, ndipo sanabise mawu. Anati anachenjeza, koma anthu anatengeka ndi mkamwini wa m'tauni.

Apongozi anamuyankha iwo. "Mbuzi ndi zanga, mkamwini ndi wanganso. Zikafa ndidzalira ndine. Pitani mukaone mbatata zanu."

Anthu atabalalika, anayala mkeka pakhonde, n'kundiikira mpando chapatali pang'ono. Sanandifulatire. Maso anali pamanja awo, koma nkhope inali kwa ine, ndipo mawu awo sanali ofewa ngati aja ananenera pagulu.

"Pamaso pa anthu ndakuikirani kumbuyo. Pano tili awiri. Munkadziwa kuti zitupa chonchi?"

"Ndinkadziwa kuti zitupa, amayi, monga ndinanenera pa msonkhano. Koma pa mbuzi za kuntchito sizinafike apa."

"Nanga mafutawo ndi a chiyani? Bwanji osangobaya mankhwala okhaokha?"

Ndinafotokoza pang'onopang'ono. Ndinati tizilombo takufa tikalowa tokha, thupi limatisesa ngati zinyalala, mawa laiwala. Mafuta amatisunga pamalo amodzi n'kumatitulutsa pang'onopang'ono, kuti thupi likhale likutiona kwa nthawi yaitali. Komanso mafutawo amaputa thupi dala, kuti asilikali a m'magazi athamangire pamenepo, akaone mdaniyo, amudziwe nkhope. Tsiku lomwe tizilombo tamoyo tidzabwere ndi chisanu, tidzapeza asilikali akutidikira.

"Ndiye kutupaku ndi asilikaliwo asonkhana?"

"Eya, amayi. Kungoti asonkhana mopitirira muyeso."

"Ngati pamaliro a munthu wolemera," anatero, osaseka. Kenako anawonjezera: "Ndinakuonani tsiku lija mukulimbana ndi jakisoni. Chinthu chokanika kutuluka mu singano chingayende bwanji m'thupi? Ndipo mukawauze anzanu kuti ogula mbuzi pamsika amayamba kupapasa pakhosi. Akapeza chotupa amati ndi yodwala. Munthu sangalole katemera woteteza mbuzi ku chifuwa koma n'kuikanitsa pamsika."

Za kulimba kwa mafuta tinali titakambiranapo kuntchito, koma tinkaziona ngati vuto la wobaya basi. Za kumsika sitinaziganizire n'komwe, poti ife maso athu anali pa zotsatira za magazi. Ndinawauza kuti ndikanena, ndipo ndinakanenadi. Ndinawauzanso kuti ngati akufuna, mbuzi zawo tizichotse mu kafukufuku, palibe amene angawadzudzule.

"Zabayidwa kale," anayankha. "Mukasiyira panjira ndiye kuti zavutika pachabe. Malizani."

Zotupa zambiri zinayamba kuphwa zokha m'masabata otsatira, koma cha wamawanga chinasanduka chithupsa n'kuphulika. Tinkachitsuka limodzi, iwo atagwira mutu, ine ndikufinya mafinya n'kupaka mankhwala a pabala. Masiku amene ndinali kuntchito ankatsuka okha ndi madzi ofunda a mchere, monga ndinawasonyezera, ndipo madzulo ankandiimbira kundiuza mmene bala likuonekera. Malipoti awo anali aafupi. "Lero lauma m'mbali." "Lero ntchentche zachuluka, ndamumangirira m'khitchini." Mkazi wanga ankadandaula mwanthabwala kuti wachotsedwa ntchito popanda chidziwitso.

Chisanu chinafika, ndipo chaka chimenecho chinali choopsa. Mwezi uliwonse ndinkazungulira makola kutenga magazi, ndipo khola la apongozi ndinkalisiya lomaliza kuti ndisafulumire. Tikamaliza ankandipatsa mbatata yootcha ndi tiyi wa mandimu, tikukhala padzuwa kuseri kwa nyumba kothawa mphepo. Kumeneko ndi komwe ndinamva zambiri za munthu amene ndinakwatira mwana wake koma sindinamuonepo. Anandiuza kuti malemu amuna awo anali mphunzitsi wa Sande sukulu wokonda mbuzi kuposa fodya, ndipo kuti chaka china chifuwa chomwechi chinalowa m'khola n'kusiya mbuzi imodzi yokha. Bamboyo anayambiranso ndi imodziyo. Mbuzi zonse za m'kholamo, kuphatikizapo wamawanga, zinali zidzukulu za mbuzi imeneyo.

"Ndiye tsiku la msonkhano lija sikuti ndinangokumverani chisoni," anatero. "Chisoni chinalipo, poti munaima ngati mwana wotayika pamsika. Koma chifuwachi ndili nacho mlandu."

Zotsatira zitatuluka sizinali zoimbira nthungululu, koma zinali zomveka. Mbuzi zomwe zinalandira katemera wopanda chothandizira, chitetezo chake chinakwera pang'ono n'kutsika msanga. Za phala lija chinakwera bwino koma chinayamba kugwa chisanu chisanathe. Za mafuta chinakwera n'kukhalitsa mpaka nyengo yotentha. M'khola la apongozi simunafe mbuzi chaka chimenecho, ngakhale ziwiri zinatsokomola. Nditawauza mokondwa, anandikumbutsa kuti chaka chomwecho anali atatchinga ndi udzu mbali ya khola yoyang'ana kumwera, ndiye tisathamangire kuyamika jakisoni yekha. Ndinavomera, poti khola limodzi silingatsimikize kanthu, n'chifukwa chake tinali ndi makola ambiri. Chomwe tinabwerera nacho ku labotale chinali ntchito ina: kupeza kasakanizidwe ka mafuta kopepuka, kodutsa bwino mu singano, koputa thupi mokwanira koma osasiya dzira pakhosi. Ntchito imeneyo inatitengera zaka, ndipo ena akuipitirizabe. Wamawanga anatsala ndi kachipsera, ndipo mvula itayamba anabereka mapasa. Apongozi anawanyamula onse awiri kukawaonetsa bambo uja amene ankati jakisoni amatseka mbuzi.

Mwana wathu anabadwira ku Lilongwe, poti madokotala anafuna kuti mkazi wanga akhale pafupi ndi chipatala chachikulu. Apongozi anabwera kudzadikirira, ndipo anakhala nafe m'kanyumba kanga ka lendi mpaka mwana atatuluka m'chikuta. Tsiku loti abwerere kumudzi, tili panjira yopita kokwerera basi, anaima.

"Apongozi, kuntchito kwanu n'kutali? Ndikufuna ndikaone chomwe chinapha mbuzi za malemu."

Ndinapempha kwa akuluakulu a pantchito, ndipo analola kuti alowe m'chipinda chophunzitsira, momwe mulibe tizilombo tamoyo. Tinawaveka chovala choyera pamwamba pa chitenje. Anakana kuvula duku. Ndinatenga kagalasi komwe panali tizilombo takufa topakidwa utoto, n'kukaika pamakina. Poyamba sankaona kanthu, ankatseka diso lolakwika, nsidze zikugunda pagalasi. Ndinawauza kuti atsegule onse awiri, asakakamize, angoyang'ana ngati akuyang'ana m'chitsime. Ndinapotoza kachitsulo ka makinawo pang'onopang'ono mpaka ndinamva akukoka mpweya.

Anakhala nthawi yaitali osadzutsa mutu. Anzanga a pantchito anasiya zomwe ankachita n'kumaonerera.

"Timeneti?" anafunsa, diso likadali pomwepo. "Tofiira ngati chitowe chomwazika?"

"Tomweto, amayi."

"Ha! Ine ndinkayesa chinthu cha mano." Anayang'ananso. "Malemu aja akanaona. Ankati ndi mphepo yoipa yochokera kudambo."

Atadzuka anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, n'kufunsa kuti awaonetse mafuta aja. Mnzanga anabweretsa timabotolo tiwiri, ka mafuta akale ndi ka atsopano omwe tinali tikuyesa. Anatipendeketsa tonse tiwiri pawindo, n'kumaona mmene tikuyenderera. Anati atsopanowo akuoneka aulemu, koma aweruza akadzawaona pakhosi pa mbuzi.

Tili m'minibasi yopita kudepoti, katundu ali pamiyendo, tinawoloka mlatho. Kenako anandigunda ndi chigongono.

"Apongozi, inu mwaphunzira. Tizilombo timeneti Mulungu anatilenga tsiku liti? Limodzi ndi nsomba, kapena ndi zokwawa?"

Ndinati sindikudziwa, ku sukulu sanatiphunzitse zimenezo.

"Ndikawafunsa abusa Lamulungu," anatero. "Koma nawonso ndikukayika. Mudzabwere nawo kuntchito kwanu adzaone kaye."

Kudepoti ndinawapezera mpando wa pawindo, ndinakweza thumba la sopo ndi shuga lomwe mwana wawo anawakonzera, n'kuima panja kudikira kuti basi idzaze. Itayamba kuyenda anatsegula windo n'kundikuwira kuti Lachisanu ndisaiwale kubweretsa mankhwala a nkhupakupa, poti tonde wayamba kudzikanda pamtengo.